Msuweni Wanga Anandisandutsa Sitika

Amene anandilakwira ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, yemwe tinkagona naye mphasa imodzi tili ana n'kumalandana bulangete. Anandijambula ndili pakati pa ukali, kanemayo n'kumudula mutu ndi mchira, nkhope yanga n'kuisandutsa sitika yoti anthu azitumizirana pa foni poseka. Sitikayo inayenda mpaka inakafika ku Chowe, m'manja mwa munthu mmodzi yekhayo amene sindinkafuna kuti aione: amalume a mtsikana amene ndinkafuna kukwatira.

Koma ndiyambe ndi foni, chifukwa zabwino ndi zoipa zonse zinadzera mmenemo.

Sukulu ine ndinalekezera Sitandade 6, tsiku limene aphunzitsi anandikwapula chifukwa cha phokoso la munthu wina, ine n'kuwalanda ndodo kuithyola pabondo. Mtima wanga ndi wapachala, izo sindikana, ndipo pa Nkhudzi aliyense akudziwa. Ndinakulira padoko, kusenza mabeseni ndi kupala mamba a nsomba za eni ake. Kenaka achimwene anga amene ali ku Joni ananditumizira foni ya tachi, galasi lake losweka pakona, batire yake yofuna kuinyengerera ngati mwana.

Eee, foni imene ija! Maboti akamakocheza m'mawa ndinkathamanga kukagula chambo, n'kuchijambula chili m'beseni madzi akudontha, maso akadali ngwee, n'kuponya pa sitetasi. Kulemba kumandichedwetsa, choncho ndinkangolankhula: "Chambo chafika anthuni! Chikadapuma ichi, mukachedwa mudya mutu wokha!" Ndisanapukute n'komwe m'manja foni yayamba kale kunjenjemera m'thumba. Ophika a kumalo ogona alendo ku Makokola, amayi a m'maofesi pa boma, wina mpaka ku Liwonde akuti ndimuikire pa minibasi. Ndinkapakira m'bokosi la ayisi n'kukwera kabaza, mphepo ikundimenya kumaso, ndikuimba ngati munthu wopenga. Ine, amene ankati sindidzaphula kanthu! Anthu ovala mataye ankandiimbira n'kumati "bwana".

Tsiku lina nambala yachilendo inanditumizira mawu. Anali mawu a mtsikana, osathamanga.

"Inu a chambo chopuma, usipa wouma mumakhala nawo? Koma wamchenga ayi, makasitomala anga ali ndi mano."

Usipa ndinali nawo, wa amayi anga. Amayi amayanika pathandala lalitali, losakhudza pansi, ndipo amausamala kuposa mmene anandisamalira ine. Ndiye ndinayankha mwamatama kuti akapezamo mchenga, ngakhale kamodzi kokha, ndibwera ndekha kudzaudya iye akuona.

Patapita masiku awiri kunabwera chithunzi. Chala cha mtsikana, pamwamba pake kamchenga kamodzi. Mawu ake anangoti, "Bwerani mudzadye."

Ndinapita. Msewu wa ku Chowe ndi wokwera mapiri, kabaza analira ngati mbuzi, koma ndinafika. Ndinamupeza pa benchi lake la tomato ndi usipa pakhomo pa amayi ake, kamchenga kaja atakasunga pa chitsekerero cha botolo. Ndinakameza. Anaseka mpaka anagwira benchi. Pambuyo pake anadzaulula kuti kamchengako anakatola pabwalo pawo pomwepo.

Kuyambira pamenepo bandulo sinkachedwa kutha. Mawu apite, mawu abwere, ine ndili padoko iye ali kuphiri, nthawi zina atakwera pachulu kusaka netiweki. Itatha miyezi ingapo tinagwirizana kuti zamseri zatikwana. Kwathu kuno mnyamata sadzifunsira yekha mbeta. Amalume ake ndi amene amapita kukaonana ndi amalume a mtsikana, akuluakulu okhaokha, ndipo amalume a mtsikana akapukusa mutu nkhani yathera pomwepo. Amalume anga anavomera kupita. Anapangana Loweruka la sabata yotsatira. Masiku amenewo ndinkayenda osaponda pansi.

Ndiye linafika Lachiwiri lija.

Kunali m'mawa, dzuwa litangoyamba kuluma. Amayi anali akuyala usipa pathandala, ine ndili chapafupi ndikukambirana mtengo wa kampango wamkulu, ndamugwira kumchira. Kunatulukira bambo wina wogula nsomba, wochokera kutali, pa njinga yamoto atamanga madengu awiri mbali ndi mbali. M'malo moima kumtunda monga amachitira anzake, analowa nayo pakati pa mathandala. Dengu linakola mtengo wa thandala la amayi. Thandala lonse khu! pansi. Usipa wa masiku atatu mumchenga, amayi nawonso chagada, mpango uko, chigongono chikutuluka magazi.

Bambo uja osatsika n'komwe. Anangocheuka n'kunena kuti, "Mayi, thandala lanuli linali lofumbwa kale."

Zimene zinachitika m'mutu mwanga sindingazifotokoze. Ndinangoona mdima. Ndinathamangira njinga ija kampango ali m'mwamba ngati chibonga, ndikukuwa, "Ndigwireni! Ndigwireni ndisanaphe munthu!" Vuto lake, panalibe amene ankandigwira. Ndinakuwa katatu konse, ndikucheukira uku ndi uku, anthu angoima. Bambo uja anaponda moto n'kuthawa, ine phazi linakodwa mu chingwe cha ukonde, ndinagwa chafufumimba, kampango n'kundigwera pamsana. Sindinamenye munthu. Ndinadzuka, kukadzutsa amayi, tinayamba kutola usipa umodziumodzi.

Msuweni wanga ali ndi kashopu kotchajitsa mafoni ndi kuika nyimbo m'makhadi, pomwepo poyang'anana ndi doko. Alinso ndi tsamba lake la nthabwala pa intaneti, limene nthawi imeneyo linkatsatidwa ndi anzake a bawo okha. Tsiku lonse amakhala foni ili m'manja, kudikira kuti wina aterereke. Zonse zija anajambula, kuyambira njinga ikulowa. Koma chimene anaponya patsamba chinayambira pamene ndinakweza kampango n'kuthera pamene ndinagwa. Njinga palibe, thandala palibe, amayi palibe. Pali wamisala yekha ndi nsomba yake. Ndipo anatengapo chithunzi chimodzi, maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa, n'kulemba pansi pake kuti NDIGWIRENI.

Pofika madzulo sitikayo inali paliponse. Pa gulupu ya mpira, timu ikagoletsedwa, ndine. Pa gulupu ya ogulitsa nsomba wina akakweza mtengo, ndine. Amayi ena akakangana za chipereganyu, ndine. Lachinayi achimwene anga ananditumizira kuchokera ku Joni, akuti anyamata a kwathu kumeneko akuigwiritsa ntchito bwana akachedwetsa malipiro. Nkhope yanga inadumpha malire popanda pasipoti!

Ndinene zoona, poyamba zinandikomera. Foni sinkapuma. "Kodi ndi a Ndigwireni? Tikufuna kampango ngati yemwe uja." Kampango yense wa padoko ndinkamumaliza ndine. Ophika a ku Makokola ankatuluka m'khitchini kudzajambulitsa nane. Mtsikana wanga nayenso ananditumizira sitikayo nditachedwa kumuyankha, ndipo ndinaseka. Ndinkadziona ngati woimba wotchuka.

Chinandibaya ndi Lachisanu tikutuluka ku mzikiti. Bambo wina wachikulire, amene kale ankandipatsa moni wa dzanja, anakokera mdzukulu wake kumbali ndikudutsa. Apo m'pamene ndinapita ku kashopu kaja.

"Aise, chotsa zija."

"Ziti, a Ndigwireni?"

"Usandiyese. Chotsa."

"Ndichotse m'mafoni a anthu onse a m'Mangochi? Ndiyambire kuti?" Anali akuseka, akulumikiza foni ya munthu ku chaja. "Komanso iwe, ukundikwiyira ine? Msuweni wako? Sukudziwa chisuweni?"

Pamenepo anandigwira pakhosi. Kwathu msuweni ali ndi ufulu. Akhoza kukunena kuti mutu wako uli ngati chibwato, kukuvula chipewa pamsika, kudya ndiwo zako iwe ukusamba m'manja, ndipo palibe mlandu. Ukakwiya, wopusa ndiwe. Ineyo ndinamunenapo zambiri, za miyendo yake yamatewe, pamaso pa atsikana. Ndiye ndinangobwerera.

Loweruka amalume anavala mkanjo wawo woyera n'kupita ku Chowe. Ine tsiku limenelo sindinagulitse nsomba. Ndinasesa pakhomo, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinkangoyang'ana kumsewu. Dzuwa litapendeka anatulukira, ndipo kayendedwe kokha kanandiuza. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, anavula nsapato, anapempha madzi, n'kumwa pang'onopang'ono ngati akundilanga.

"Anatilandira bwino," anatero. "Mphasa, tiyi, zonse. Ndinayamba kuyala nkhani. Ndisanafike pakati, mkulu uja anapisa m'thumba, kutulutsa foni, n'kundilozetsa kumaso. Akuti, 'Munthu wake ndi ameneyu?'"

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndikanati chiyani? Nkhope ndi yako, kampango ndi wako."

"Simunawauze za amayi? Za thandala?"

"Ndinawauza. Akuti pakanemapo sakuonapo mayi, sakuonapo thandala. Akuti malume aliyense amakometsa mphwake." Amalume anapukuta kukamwa. "Mverera bwino, chifukwa munthu uja si wankhanza. Akuti mlongo wake, mayi a mtsikanayo, anabwerako ku banja dzino lake atalimanga pa nsonga ya chitenje. Bambo ake a mwanayo ankakuwanso chimodzimodzi asanamenye. Akuti iye anapereka kale mlongo kwa munthu waukali, sangaperekenso mwana wa mlongo. Akaona kanema wathunthu ndi maso ake, mwina tikambirananso. Apo ayi, tisavutike kukwera phiri."

Ndinaimirira. Ndinakhala. Ndinaimiriranso.

"Amalume, wachita zimenezi ndi mwana wanu."

"Ndikudziwa. Koma ndi chisuweni, mphwanga. Ndingamuzenge mlandu wanji? Akuluakulu angandiseke. Pita ukamupemphe bwinobwino kanemayo."

Bwinobwino! Magazi anali akuwira m'makutu. Ndikanapita nthawi yomweyo, kashopu kaja kakanasanduka nkhuni. Chinandiimitsa ndi foni, inanjenjemera m'thumba. Anali mtsikana uja, ndipo ulendo uno munalibe kuseka m'mawu ake.

"Sitika ija ndafufuta. Pepani kuti ndinasekako. Ine ndikukhulupirira zimene mukunena, koma amalume sakukudziwani, akudziwa wa pa foniyo. Mukapita kwa msuweni wanuyo, chonde, musakakhudze munthu. Mukakangomenya, ndiye kuti mwawatsimikizira, ndipo ine sindidzakhalanso ndi pakamwa."

Ndinawamvera kasanu mawu amenewo.

M'mawa mwake ndinanyamuka. Padoko panali podzaza, maboti atangofika, amayi a mabeseni akulimbirana malo. Mbiri ya ku Chowe inali itafika kale, pa Nkhudzi nkhani sigona. Anthu atandiona ndikulunjika ku kashopu anasiya nsomba n'kuyamba kunditsatira. Wina anakuwa, "Mubise kampango!" Gulu lonse gwedeee kuseka.

Msuweni anandionera patali. Ndinamuona akutsamiritsa foni pa shelefu ya machaja, kuilozetsa kukhomo, n'kudina. Nditafika anatambasula manja ngati wolandira mlendo wolemekezeka.

"Anthuni amene mukuonera, tili layivu! A Ndigwireni afika okha! Gawo lachiwiri!"

"Ndipatse kanema wathunthu," ndinatero.

"Uti?"

"Woyambira pa njinga."

"Aaa, ameneyo ndinafufuta, foni inadzaza. Ndinasunga pokoma pokha."

Pokoma pokha. Manja anga anadzikunga okha. Patebulo panali mafoni a anthu oposa khumi ali pa chaja, ndipo ndinaona bwinobwino mmene tebulolo lingaulukire. Mawu aja oti "Ndigwireni" anali atafika kale pa lilime. Ndiye ndinayang'ana nkhope ya msuweni. Sankaopa. Ankanyezimira! Diso limodzi kwa ine, lina pa foni, pamene timitima tinkakwera ngati thovu. Munthuyu ankadikira kuti ndigubuduze tebulo. Ndikanamuthyola mphuno akanathokoza, bola foni ijambule bwino.

Pakhomo pa kashopu pali kreti imene amakhalira odikira mafoni. Ndinaikoka, ndinaika manja onse awiri pamwamba pake, n'kuwakhalira. Inde, ndinakhalira manja anga. Kreti inkangolira kwetekwete.

Anthu anasiya kuseka. Msuweni anasokonezeka.

"Iwe, dzuka. Ukutani pamenepo?"

"Ndakhala. Poti kanema unafufuta, uwauze ndi pakamwa anthu akowo. Lachiwiri lija, ndisanakweze kampango, chinagwa n'chiyani?"

"Aise, ndi nthabwala chabe izi."

"Chinagwa n'chiyani?"

Anayang'ana foni, anafuna kuitenga kuti azimitse. Mayi wina wogulitsa utaka, mnzawo wa amayi, wamikono ngati mwamuna, anamutchinga ndi beseni.

"Isiye! Si umafuna anthu aone? Yankha, chinagwa n'chiyani?"

"Thandala," anatero chapansipansi.

"Kweza mawu, a ku Joni sakumva!" anakuwa wina kumbuyo.

"Thandala!"

"La yani?" ndinafunsa.

"La azakhali."

"Azakhali akowo anali kuti?"

Amayi a mabeseni anayankha m'malo mwake, onse nthawi imodzi, wina za njinga, wina za magazi pa chigongono, wina za mawu a bambo uja oti thandala linali lofumbwa. Wina anathamanga kukawakoka amayi kumathandala, n'kuwakweza mkono kutsogolo kwa foni kuti bala lioneke, amayi akukana, "Ndisiyeni inu, usipa wanga akudya akhwangwala!" Panali phokoso ngati boti lafika ndi chambo chokhachokha. Ine ndili pa kreti, manja achita dzanzi, koma ndikumva kukoma kwina kwake kumene sindinakumvepo chibadwire. Munthu uja ndinamugwetsa osamukhudza!

"Ndinamenya munthu?" ndinamufunsanso.

"Ayi."

"Bwereza."

"Sunamenye munthu. Koma msuweni, chisuweni sichikhala ndi mlandu, iwenso ukudziwa."

Zimene sindinkadziwa n'zakuti ku Chowe mtsikana uja anali pachulu chija, foni ili m'mwamba, amalume ake ataima pambali pake atavala magalasi. Iye ndi amene anawakokera kumeneko ataona kuti tsamba la msuweni layaka. Amandiuza kuti mkulu uja anaonera mpaka pamapeto, n'kungofunsa kuti, "Wakhalira manja?" Patatha sabata anatumiza uthenga kuti amalume anga akwerenso phiri. Sanavomere tsiku lomwelo, anandiyesa miyezi inayi yathunthu, ndipo mpaka lero akabwera kwathu amayamba ayang'ana nkhope ya mkazi wanga asanandipatse moni. Sindiwadandaula.

Sitika ija ikadalipo. Dzana lomweli kasitomala wa ku Makokola wanditumizira chifukwa ndinachedwa ndi chambo. Kanema wachiwiri uja sanayende kutali, anthu sakonda kuonera munthu atakhala pansi. Ine sindinamuonerepo, koma mawu amene ndinamalizira ndimawakumbukira onse, chifukwa aka kanali koyamba kulankhula ndili wokwiya popanda kukuwa. Ndinadzuka pa kreti, manja ali lende, ndinamuyandikira msuweni mpaka kumva fungo la sopo wake, n'kumuuza kuti:

"Msuweni, chisuweni ndimachidziwa. Unditukwane pakhonde, ndikubwezere, tikatero tidye mbale imodzi. Koma iwe unakanditukwanira kumene ine kulibe, kwa anthu amene si asuweni anga, kumene sindingayankhe. Ndipo azakhali ako ali chagada mumchenga, magazi akutuluka, manja ako awiriwa anasankha kugwira foni. Lero palibe wandigwira, waona wekha. Jambula zimenezo, ndipo usadule."